Kodi ndimalize kaye buku la malangizo ndisanaike Ubuntu?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa pasukulu ya sekondale ku Dedza, ndipo likukhudza Ubuntu, sisitimu yoyendetsa kompyuta ya mtundu wa Linux yomwe munthu angaike m'malo mwa Windows. Iye akuti: "Laputopu yanga ndi yakale, ili ndi Windows 10 ndipo ikukana Windows 11. Mphwanga akuti ndiikemo Ubuntu. Mnzanga wa kuntchito wandipatsa buku lalikulu la Linux, akuti ndisakhudze kanthu ndisanalimalize. Mphwangayo akuti kuwerenga n'kutaya nthawi, ndingoyamba kutokosa ndizolowera. Ndimvere uti? M'laputopumo muli mayeso omwe ndakhala ndikukonza, malikisi a ana ndi zithunzi za banja."

Aphunzitsi, buku lonselo musaliwerenge musanayambe. Mukadzikakamiza mudzafika pamutu wachitatu mutalema ndi mayina a zinthu zomwe simunazionepo ndi maso, bukulo mudzaliika pambali, laputopu idzakhalabe mmene ilili. Komabe mphwanuyo wakuuzani mbali imodzi yokha. Alipo masamba owerengeka oti muwawerenge musanadine chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo akukhudza tsiku loika sisitimu, pamene mayeso ndi malikisi a ana ali pangozi. Anthu amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti asanachite chinthu azidzifunsa kuti, ndikalakwitsa apa ndingathe kubweza? Ngati mungathe, tokosani. Ngati simungathe, kapena simukudziwa, chotsani dzanja pa kiyibodi muwerenge kaye.

Kusafuna kuwerenga buku la malangizo si ulesi wa Amalawi ayi, ngakhale timakonda kudzinena choncho. M'zaka za m'ma 1980, John Carroll ndi anzake a ku kampani ya IBM ku America ankaonerera anthu a m'maofesi akuphunzira kulemba makalata pa makompyuta a nthawi imeneyo. Anaona kuti munthu ukam'patsa buku lalikulu salitsata tsamba ndi tsamba. Amalumpha, amayesa zomwe akuganiza, akasokonekera amabwerera m'buku kukasaka pomuwombola, ndipo kawirikawiri sapapeza, chifukwa bukulo linalembedwera munthu amene sanaphonye sitepe ngakhale imodzi. Carroll sanalimbane ndi anthuwo kuti asinthe khalidwe. Anasintha bukulo. Analifupikitsa kwambiri, analisanja motsata ntchito zomwe munthu akufunadi kugwira, n'kuikamo njira zotulukira munthu akalakwitsa. Ophunzira ndi kabuku kakafupiko anachita bwino kuposa a buku lalikulu. Kwa inu izi si zachilendo: mwana amagwira msanga lamulo la masamu akayamba wavutika ndi samu imene lamulolo likumasula.

Mphwanu sanalakwe kukufulumizitsani. Microsoft inasiya kupereka zigamba za chitetezo za Windows 10 kwa anthu onse pa 14 Okutobala 2025, kupatula omwe analowa m'ndondomeko yowonjezera nthawi pang'ono. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, nthawi zambiri ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndipo malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe timagula kuno sakwanitsa zimenezi. Ubuntu 24.04 imapempha RAM ya 4 GB ndi malo a 25 GB pa hard disk. Ngati yanu ndi yofooka kuposa pamenepo, yang'anani Xubuntu, Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce. Zonsezi zinachokera ku Ubuntu yomweyo, zimangovala chovala chopepuka.

Gawo losafuna buku ndi ili. Ubuntu mutha kuiyesa musanaiike. Mumatsitsa fayilo yake yoikira, yotchedwa ISO, yomwe ndi pafupifupi 6 GB (pemphani kwa amene ali nayo kale, musathere bandulo), n'kuilemba pa fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo ndi pulogalamu monga Rufus kapena balenaEtcher. Dziwani kuti polemba, zonse za pa fulashiyo zimafufutika. Kenako mumayatsa laputopu kuchokera pa fulashipo, ndipo ikakufunsani ngati mukufuna kuyesa kapena kuika, musankhe kuyesa. Apa ndiye sewerani mmene mungafunire. Onani ngati Wi-Fi ikugwira, ngati mawu akutuluka, ngati pulinta ya kusukulu ikudziwika. Tsegulani limodzi mwa mayeso anu mu LibreOffice Writer, pulogalamu yolembera yofanana ndi Word, muone ngati matebulo ndi zithunzi zakhala pamalo pake. Sinthani zilizonse mu Settings. Mukazimitsa n'kuzula fulashi, Windows ibwerera ngati palibe chinachitika, bola musakalowe dala mu hard disk n'kuyamba kufufutamo zinthu. Kutsegula mapulogalamu, kupanga mafoda, kulumikiza foni, kusintha chithunzi cha pa sikirini, zonsezi munthu wozolowera Windows amazitola yekha madzulo amodzi. Foni yanu ya Android, imenenso pansi pake pali Linux, munaiphunzira chomwecho.

Tsiku loika ndi lina. Tsiku limenelo werengani, ndipo muwerenge tsamba la Ubuntu lenileni lofotokoza kaikidwe ka mtundu womwe muli nawo, kuyambira pamwamba mpaka pansi, musanayambe. Si lalitali. Musanaliwerenge n'komwe, koperani mayeso, malikisi ndi zithunzi zija pa hard disk yakunja kapena fulashi ina, mupite nayo pa kompyuta ya mnzanu, mutsegule mafayilo angapo muone kuti akutsegukadi. Ambiri amakopera n'kukhulupirira, osayesa. Batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi akazima pamene sisitimu ikudula hard disk, mutha kutsala opanda Windows komanso opanda Ubuntu.

Pulogalamu yoikira idzakuonetsani zosankha, ndipo chimodzi chalembedwa kuti "Erase disk and install Ubuntu". Mawuwo akutanthauza zomwe akunenazo. Sakufufuta C: yokha n'kusiya D: monga ena amaganizira. Pa malaputopu ambiri C: ndi D: ndi zipinda ziwiri za hard disk imodzi, ndipo batani limenelo limasesa zonse. Ndaonapo anthu angapo amene anasamutsira zinthu zawo ku D: poganiza kuti azibisa pabwino. Kwa inu ndingakonde musankhe kuika Ubuntu pambali pa Windows, kwa teremu imodzi kapena awiri, ngati hard disk ili ndi malo. Ku sukulu kumabwera mafomu ndi mapulogalamu ena omwe amafuna Windows basi, ndipo si bwino kudzazizindikira zimenezi usiku woti mawa mukapereke malipoti.

Kuika ziwirizi pamodzi kuli ndi misampha yomwe kutokosa sikungakuululireni. Woyamba ndi BitLocker. Malaputopu ena, makamaka omwe anali a m'maofesi kunja, hard disk yake imakhala yokhomedwa ndi BitLocker mwini wake watsopano osadziwa. Mukasintha za mu BIOS (zosankha za makina zomwe mumazipeza Windows isanayake) kapena kayambidwe ka kompyuta, Windows imatha kukana kutseguka mpaka mutalemba kiyi ya manambala 48. Ngati kiyiyo mulibe, ngakhale katswiri wamkulu bwanji sangatulutse mafayilo anu. Choncho muone mu Windows ngati BitLocker ili yoyatsa, mulembe kiyiyo papepala, ndipo muizimitse musanaike Ubuntu. Pulogalamu yoikira imakuchenjezani ikaipeza, koma ndi bwino kudziwiratu.

Msampha wina ndi Intel RST, njira imodzi yomwe kompyuta imalumikizirana ndi hard disk. Pa makina ena Ubuntu imakuuzani kuti siingapitirire mpaka RST itazimitsidwa. Munthu wachangu amathamangira mu BIOS n'kusintha kupita ku njira ina yotchedwa AHCI, Ubuntu n'kulowa bwinobwino, koma pobwerera ku Windows amapeza sikirini ya buluu. Pali masitepe ochepa oyenera kuchita mu Windows musanasinthe BIOS, ndipo Ubuntu inawalemba patsamba lomwe uthengawo umakulozerani. Kuwerenga kwake ndi kwa mphindi zochepa, pamene kukonza Windows yokana kuyaka kutha kukudyerani Loweruka lathunthu. Palinso Fast Startup. Windows 10 mukaizimitsa sizimiratu, imagona itagwirabe hard disk kuti idzayake msanga. Ubuntu ikapeza choncho imakulolani kuona mafayilo a ku Windows koma osasintha kapena kusungako kanthu. Mumaizimitsa mu Control Panel, pa Power Options.

Kenaka kuli ka wotchi, komwe sikoopsa koma kamasokoneza mutu. Mukachoka ku Ubuntu kubwerera ku Windows mudzapeza nthawi yatsalira ndi maola awiri. Batire la wotchi silinafe ayi. Linux imasunga mu wotchi ya makina nthawi ya dziko lonse ya UTC, pamene Windows imayesa kuti zomwe zili mu wotchiyo ndi nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Komandi imodzi yolemba mu terminal (kawindo kolembamo makomandi), timedatectl set-local-rtc 1, imathetsa mkanganowo. Mungatokose mwezi wathunthu osachitulukira chifukwa chake, pamene kuchiwerenga ndi ndime imodzi.

Chitsanzo cha wotchichi chikutifikitsa pa mtundu wachiwiri wa kuwerenga, womwe mnzanu wa buku uja akuutetezadi ngakhale wawonjeza muyeso. Mabatani amaphunzirika ndi chala. Koma maganizo omwe ali pansi pa mabataniwo saoneka pa sikirini, ndipo pamene Ubuntu ikuganiza mosiyana ndi Windows, chala chimangobwereza zomwe chinazolowera. Chachikulu kwambiri ndi kaikidwe ka mapulogalamu. Ku Windows munazolowera kusaka pa Google, kutsitsa fayilo ya .exe n'kuidina kawiri. Ku Ubuntu fayilo ya .exe siyenda payokha. Mapulogalamu amachokera ku nkhokwe zomwe eni sisitimu amazisamala, ndipo mumawatenga kudzera mu App Center kapena ndi komandi ya apt. Nkhokwe zomwezo n'zomwe zimabweretsa zigamba za chitetezo za mapulogalamu onse pamodzi. Amene sanawerenge zimenezi amayamba kutola mafayilo m'masamba osadziwika ndi kuwonjezera nkhokwe za anthu wamba, ndipo pakapita miyezi sisitimu imakana kulandira zatsopano chifukwa mapulogalamu akutsutsana. M'buku la mnzanulo, mutu wa apt ndi nkhokwe muuwerenge sabata yoyamba.

Mutu wa mafayilo nawo muuwerenge. Kulibe C: kapena D:. Zonse zimayambira pa kamzere kopendekera, /, zinthu zanu zimakhala mu /home/ pansi pa dzina lanu, ndipo fulashi mukailowetsa imaonekera pansi pa /media/. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndi zosiyana, moti Mayeso.docx ndi mayeso.docx ndi mafayilo awiri omwe angakhale mufoda imodzi. Fayilo yomwe dzina lake layamba ndi kadontho imabisika, ndipo mumaiona mukadina Ctrl ndi H. Mukaona mafoda ambirimbiri a madontho mu home yanu musawasese poyesa ndi zinyalala, mmenemo ndi momwe mapulogalamu amasunga zosankha zanu. Pomaliza, mutu wa zilolezo ndi sudo. Ubuntu siikulolani kusintha za mkati mwa sisitimu pokhapokha mutayamba komandi ndi mawu oti sudo n'kulemba pasiwedi. Polemba pasiwediyo mu terminal, pa Ubuntu 24.04 sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi. Anthu ambiri amayesa kiyibodi yafa. Lembani basi, mudine Enter. Mitu itatu imeneyi ndi ya madzulo awiri, ndipo idzamveka bwino chifukwa mudzakhala mutaziona kale zinthuzo pa fulashi ija.

Tsopano za terminal, kawindo kakuda komwe kamatseguka mukadina Ctrl, Alt ndi T. Ntchito zanu za tsiku ndi tsiku mutha kuzigwira osakatsegula. Koma tsiku lina chinthu chidzavuta, mudzasaka pa intaneti, ndipo yankho lidzakhala mzere woti mukopere n'kumata mu terminal. Apa m'pamene ndimaumirira kwambiri, chifukwa terminal siifunsa kuti mwatsimikiza. Komandi ya rm imafufuta fayilo osaiponya mu bini. Tiyerekeze kuti mukufuna kufufuta foda yotchedwa zakale yomwe ili mu Downloads, ndipo mwalemba rm -rf ~/Downloads/ zakale, mutasiya kampata mwangozi pakati pa kamzere komaliza ndi dzina la fodayo. Kompyuta imva kuti mwaituma zinthu ziwiri, ndipo choyamba ndi Downloads yonse. Iifufuta mwakachetechete. Mukanatsegula buku la rm mukanaona kuti -r akutanthauza kulowa m'mafoda onse a mkati, -f akutanthauza osafunsa kanthu, ndipo palinso -i amene amakufunsani pa fayilo iliyonse. Komandi ya dd, yomwe imatha kulemba pa disk yathunthu, ndi yoopsa koposa: kulemba sda pomwe mumafuna sdb (awa ndi mayina a ma disk mu Linux) kumatanthauza kulemba pamwamba pa hard disk yanu m'malo mwa fulashi. Ndipo aliyense wokuuzani kuti vuto la zilolezo mulithetse ndi chmod -R 777 pa mafoda a sisitimu, musamumvere.

Ubwino wake, buku la makomandi lili kale m'kompyutamo ndipo silifuna data. Mumalemba man kenako dzina la komandi, monga man rm. Mwambo umenewu ndi wakale kuposa Linux yomwe. Buku loyamba la Unix (sisitimu yomwe Linux inatengerako), lomwe analemba Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, linatuluka mu Novembala 1971, zaka makumi awiri Linus Torvalds asanayambe Linux ku Helsinki mu 1991, ndipo kasanjidwe ka masamba ake sikanasinthe kwenikweni: dzina la komandi, kalembedwe kake, kufotokoza, ndi masamba ena ogwirizana nawo. Ndinene mosabisa kuti masamba amenewa si ophunzitsira munthu watsopano. Analembedwera amene akudziwa kale chomwe akufuna, wangoiwala kalembedwe. Amene amakuuzani kuti muwerenge man bash yonse akungokuzunzani. Luso lake ndi kudziwa kusakamo. Mukatsegula tsamba, dinani / n'kulemba chomwe mukufuna, dinani n kuti mupite pena pomwe mawuwo akupezekanso, G wamkulu kuti mulumphire kumapeto komwe masamba ena amaika zitsanzo, ndi q kuti mutuluke. Pamzere wa SYNOPSIS, zomwe zili m'mikutiramawu ya makona ndi zoti mutha kuzisiya. Ngati simukudziwa dzina la komandi, apropos ndi liwu limodzi lachingerezi la ntchitoyo, monga apropos rename, imakupatsani mndandanda. Makomandi ambiri mukawawonjezera --help amatulutsa chidule cha sikirini imodzi, ndipo kawirikawiri chimenecho n'chokwanira.

Masambawa anagawidwa m'zigawo za manambala, ndipo ichi chimasocheretsa ambiri. Gawo 1 ndi makomandi a aliyense, gawo 5 ndi kalembedwe ka mafayilo a sisitimu, gawo 8 ndi makomandi a woyang'anira. N'chifukwa chake man passwd imakuuzani za kusintha pasiwedi, pamene man 5 passwd imafotokoza fayilo yomwe imasunga mayina a ogwiritsa ntchito. Masamba awiri okha ndi omwe ndinganene kuti muwawerenge onse muli phee: man intro ndi man hier. Lachiwirili limafotokoza foda iliyonse ya pansi pa kamzere kaja ndi ntchito yake. Pa zinthu za pa desktop, pulogalamu ya Help nayo ili m'kati momwemo, ndipo m'mapulogalamu ambiri F1 imakutsegulirani.

Mwina mukuti, nanga bwanji osangoonera vidiyo kapena kufunsa intaneti? Chitani, inenso ndimatero. Vuto ndi loti malangizo a pa intaneti sakalamba poonekera. Ubuntu inayamba mu Okutobala 2004, pansi pa kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo nambala ya mtundu uliwonse ndi chaka ndi mwezi: 4.10 inali yoyambayo, 24.04 ndi ya Epulo 2024. Mitundu ya LTS, kutanthauza yosamalidwa nthawi yaitali, imatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa zaka zisanu, n'chifukwa chake ndi yomwe muyenera kuika. M'zaka zonsezi zambiri zasintha. Mu 2015 kayatsidwe ka mapulogalamu a mkati kanachoka ku Upstart kupita ku systemd. Mu 2017 desktop ya Unity inasiyidwa, kunabwera GNOME. Komandi ya netiweki ya ifconfig, yomwe mudzaipeza m'mayankho osawerengeka, siibweranso yoikidwa kale, m'malo mwake muli ip. Firefox masiku ano imabwera ngati snap, njira ina ya Canonical yoikira mapulogalamu, pamene Linux Mint inatseka snap kuyambira mtundu wake wa 20. Ndiye yankho lomwe linali lolondola mu 2014 litha kukusokonezerani makina lero, ndipo Google imakuonetsani zonse pamodzi. Dziwani mtundu wanu ndi komandi ya lsb_release -a, ndipo musanatsate malangizo alionse yang'anani chaka chake ndi mtundu womwe akunena. Tsamba la man lili ndi ubwino uwu, kuti linabwera limodzi ndi pulogalamu yomwe ili m'kompyuta yanuyo.

Buku la mnzanulo liyeseni ndi muyeso womwewo. Tsegulani tsamba lachiwiri muone chaka. Ngati zithunzi zake zikuonetsa Unity, mitu ya desktop ndi ya netiweki idumpheni. Mitu ya ls, cp, grep, zilolezo ndi mafoda ikadali yabwino, popeza zimenezo zakhala chomwecho kuyambira m'ma 1970.

Mapulogalamu a AI ocheza nawo aja amathandiza kwambiri kumasulira uthenga wovuta kapena tsamba la man lolembedwa mouma. Koma amatha kukupatsani komandi ya mitundu ina ya Linux monga Fedora kapena Arch inu muli pa Ubuntu, kapena kupeka kachilembo komwe komandiyo ilibe, ndipo amalankhula motsimikiza chimodzimodzi akalondola ndi akaphonya. Mukaona dnf kapena pacman m'malo mwa apt, dziwani kuti yankholo si lanu. Chilichonse choyamba ndi sudo chomwe mwapatsidwa, kaya ndi makina kaya ndi mphwanu, muchione kaye mu man kachilembo ndi kachilembo. Zimatenga mphindi ziwiri.

Kuwerenga kwina kumapulumutsa ndalama mwachindunji. Mapulogalamu a snap amadzifufuzira okha zatsopano kanayi patsiku, ndipo akapeza amatsitsa osakufunsani. Kwa wolumikiza laputopu ku foni, bandulo ya sabata itha kutha m'mawa umodzi iye akudabwa kuti yapita kuti. Mu Settings, pa netiweki yomwe mukugwiritsa ntchito, pali pochonga kuti ndi Metered Connection, ndipo komandi ya sudo snap set system refresh.metered=hold imauza snap kuti idikire mukakhala pa netiweki yotere. Zatsopanozo muzikazitsitsa mukapeza Wi-Fi yosawerengera, koma musazisiye miyezi, chifukwa kusowa kwa zigamba n'komwe kukukuchotsani pa Windows 10.

Zinthu zikavuta, kuwerenga kofunika koposa ndi kwa uthenga womwe kompyuta yatulutsa. Anthu amautseka mwamantha asanauwerenge, kenako n'kumati laputopu yangokana. Linux nthawi zambiri imanena chomwe chavuta, ndipo nthawi zina imalemba ndi komandi yokonzera yomwe. Ujambuleni ndi foni, kapena ukopereni ndi Ctrl, Shift ndi C, pakuti Ctrl ndi C yokha mu terminal imaimitsa pulogalamu m'malo mokopera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma funsani mutanyamula uthengawo mmene ulili, mtundu wa Ubuntu, dzina la laputopu ndi zomwe munachita zisanavute. Chitsanzo chofala ndi Wi-Fi yosaoneka pa malaputopu okhala ndi kadi ya Broadcom. Komandi ya lspci imakuuzani dzina la kadiyo, driver wake amapezeka pa Additional Drivers, koma kuti mumutenge pamafunika intaneti yomwe mulibeyo. Njira yake ndi kulumikiza foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, imene Ubuntu imaizindikira yokha.

Mnzanu akanakhala wolondola pa zonse mukanakhala kuti mukuika Arch Linux, yomwe imakusiyani pa sikirini yakuda kuti mumange sisitimu nokha motsata malangizo ake, kapena FreeBSD, yomwe buku lake lalikulu ndi lolembedwa bwino moti limawerengeka mwadongosolo. Adzakhalanso wolondola tsiku lomwe ahedi adzakupatsani labu ya makompyuta kuti muziiyang'anira, chifukwa kulakwitsa kwanu kudzagwera kalasi yonse. Ndipo ana anu omwe akufuna ntchito ya makompyuta auzeni kuti mayeso a RHCSA a kampani ya Red Hat amalembedwa pa kompyuta yeniyeni yopanda intaneti, koma masamba a man amaloledwa. Amene anazolowera kusakamo amapeza yankho, amene anazolowera Google yekha amangoyang'ana sikirini. Kwa inu, kuwerenga kwina kwa mtundu umenewu kudzabwera podzakwera kupita ku LTS yotsatira. Musanavomere, koperaninso mafayilo, ndipo muwerenge release notes, tsamba lofotokoza zomwe zasintha, makamaka gawo la mavuto odziwika.

Zotsala ndi ziwiri zokhudza mayeso anu. Ngati mumalemba Chichewa chokhala ndi ŵ, pitani mu Settings, pa Keyboard, musankhe batani limodzi likhale Compose, monga Alt ya kumanja. Mukalidina, kenako ^ kenako w, chilembocho chituluka. Njira ina ndi Ctrl, Shift ndi U, kenako 175 ndi Enter. Chachiwiri ndi mafonti. Mayeso omwe munalemba mu Word ndi Calibri kapena Cambria atha kusuntha mizere mu LibreOffice, funso lomaliza n'kudumphira tsamba lina, chifukwa mafontiwo ndi a Microsoft ndipo sabwera ndi Ubuntu. Ikani Carlito ndi Caladea, omwe zilembo zake zili ndi miyeso yofanana ndi awiriwo, ndi komandi ya sudo apt install fonts-crosextra-carlito fonts-crosextra-caladea. A Times New Roman ndi Arial ali kale ndi owalowa m'malo otchedwa Liberation. Pepala lililonse lomwe mukupita nalo kosindikiza, lisungeni ngati PDF kuchokera mu Writer momwemo, mulitsegule muone masamba onse musanaliike pa fulashi.